Mayendedwe m'dziko la DR Congo: mtsinje, njanji ndi misewu

Dziko la Democratic Republic of Congo ndi lachiwiri kukula mu Africa, kutsatira Algeria. Kukula kwake kumaposa masikweya kilomita 2.3 miliyoni, koma gombe lake kunyanja ya Atlantic silikwana n'komwe makilomita 50. Njira zikuluzikulu za m'dzikoli zinakonzedwa ndi atsamunda a ku Belgium, omwe cholinga chawo chinali kutulutsa chuma kupita nacho kudoko. Zolumikiza chigawo ndi chinzake analibe nazo ntchito kwenikweni, ndipo zotsatira zake zikuonekabe lero.

Njira yodalirika kwambiri ndi mtsinje wa Congo, womwe ndi wautali makilomita pafupifupi 4,700. Kuchokera ku likulu la dzikoli, Kinshasa, sitima zimayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 1,700 kukafika ku Kisangani popanda chopinga. Vuto lili kumunsi kwa Kinshasa, komwe kuli mathithi a Livingstone, ndi kumtunda kwa Kisangani, komwe kuli mathithi a Boyoma. Njanji zina zinamangidwa pongofuna kulambalala mathithi amenewa. Ya pakati pa doko la Matadi ndi Kinshasa, yomwe lero ndi yotalika makilomita 366, inayamba kumangidwa mu 1890 n'kutha mu 1898, ndipo antchito ambiri anafera pantchitoyo. Ina, ya makilomita 125, inalumikiza Kisangani ndi Ubundu.

Kum'mwera chakum'mawa, m'dera la Katanga, njanji inatsatira mkuwa. Inafika ku Lubumbashi mu 1910 kuchokera m'dziko lomwe tsopano ndi Zambia, ndipo mu 1928 inafika ku Ilebo, m'mphepete mwa mtsinje wa Kasai. Pamenepo inathera. Mkuwa wopita ku Matadi unkatsitsidwa m'sitima yapamtunda n'kukwezedwa m'yapamadzi, ndipo ku Kinshasa unkabwezeredwanso panjanji. Mpaka lero palibe njanji yolumikiza Kinshasa ndi Lubumbashi, mizinda ikuluikulu ya dziko limodzi, chonsecho njanji ya ku Katanga ndi yofanana mulifupi ndi za ku Zambia, Zimbabwe, Malawi ndi South Africa.

Misewu ya m'dzikoli akuti imakwana makilomita pafupifupi 150,000, koma ya phula ndi makilomita zikwi zochepa chabe. Nthawi ya ulamuliro wa Mobutu Sese Seko, kuyambira 1965 mpaka 1997, yambiri inasiyidwa osakonzedwa, ndipo nkhondo zomwe zinatsatira zinamalizitsa. Msewu wa Nationale 1, womwe umachokera kunyanja kudutsa Kinshasa, Kikwit, Kananga ndi Mbuji-Mayi mpaka Lubumbashi, uli ndi zigawo za phula ndi zina zomwe magalimoto amatitimira masiku angapo nthawi ya dzinja. Kumene galimoto yalephera, katundu amayenda panjinga yakapalasa kapena yamoto, ndipo mtengo wa mchere, sopo ndi simenti umakwera molingana ndi kuipa kwa njira.

Anthu wamba amadalira mabwato amatabwa, omwe kawirikawiri amanyamula mopyola muyeso. Mu Okutobala 2024 bwato lina linamira panyanja ya Kivu litatsala pang'ono kukocheza ku Goma, ndipo anthu ambiri anafa. Omwe ali ndi ndalama amakwera ndege, ngakhale kuti mu 2006 bungwe la European Union linaletsa ndege za makampani a m'dzikoli kutera m'maiko ake chifukwa chokayikira chitetezo chake.

Chifukwa cha zonsezi, madera a migodi amadalira madoko a maiko oyandikana nawo. Mkuwa ndi cobalt zimatuluka pamathiraki kudzera pachipata cha Kasumbalesa kulowa m'Zambia, pa ulendo wa ku Dar es Salaam, Beira, Durban kapena Walvis Bay, ndipo madalaivala a m'chigawo chino amaudziwa bwino mdipiti wa magalimoto wa pachipatacho.

Njira ina ndi njanji ya Benguela yopita kudoko la Lobito ku Angola. Inalumikizidwa ndi ya ku Katanga mu 1931, inaima chifukwa cha nkhondo ya ku Angola yomwe inayamba mu 1975, ndipo kampani ya ku China itaikonzanso inatsegulidwa mu 2015. Mu 2022 boma la Angola linasankha mgwirizano wa makampani a Trafigura, Mota-Engil ndi Vecturis kuti uyendetse njanjiyo kwa zaka 30. Chaka chomwecho ntchito yomanga doko lakuya ku Banana, pagombe la DR Congo lenilenilo, inakhazikitsidwa mothandizana ndi kampani ya DP World. Dokolo likatha, mkuwa wa ku Katanga udzafunabe njira yodutsira mpata wa pakati pa Ilebo ndi Kinshasa.