Sarcoidosis

Sarcoidosis ndi nthenda yosowa komanso yosapatsirana, yomwe imadza chitetezo cha m'thupi chikalusa mopyola muyeso n'kuumba timibulu totupa m'ziwalo zingapo. Jonathan Hutchinson anaifotokoza koyamba ku London mu 1877, ndipo dzinali linachokera kwa Caesar Boeck wa ku Norway mu 1899.

Pafupifupi odwala 9 mwa 10 imawagwira m'mapapo, koma imafikanso m'maso, pakhungu, m'chiwindi ndi mumtima. Chifuwa chouma, befu, kuonda ndi thukuta la usiku zimachititsa kuti izisokonezedwa ndi TB.

Ku Lilongwe, wodwala wa ku Kawale kapena Area 25 amayamba wapereka makhololo pachipatala chakwawo, n'kuyezetsanso HIV. Makina a GeneXpert akapanda kupeza TB, koma X-ray n'kuonetsa mwanabere mbali zonse ziwiri za chifuwa, amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital. Kumeneko amacheka kanyama pamwanabere kapena pakhungu n'kukaunika pa maikulosikopu. Timibulu ta TB kawirikawiri timakhala tofumbwa pakati, pamene ta sarcoidosis timakhala tathunthu. Amapimanso calcium m'magazi, maso ndi kagundidwe ka mtima.

Prednisolone amaperekedwa pokhapokha zitatsimikizika kuti TB palibe, poti mankhwalawa amafooketsa chitetezo. Nthenda zina zomwe zimadzanso chitetezo cha m'thupi chikalusa ndi lupus ndi vasculitis.