Geti anatsegula, koma mpanda anaumanga mkalasi

Abale anga, iyi ndi yaitaliko pang'ono, koma werengani mpaka kumapeto.

Ambiri tinamva kuti ku America, pa 17 May 1954, khoti lalikulu linagamula pa mlandu wa Brown kuti ana akuda ndi azungu asamaphunzirenso m'sukulu zosiyana. Timaganiza kuti tsankho la m'sukulu linathera pomwepo. Ayi ndithu. Linangochoka pageti n'kukakhala mkati.

Chinyengochi chinayamba Brown asanabwere. Mu 1948, bambo George McLaurin, mphunzitsi wachikuda, analoledwa kulowa yunivesite ya Oklahoma. Koma kulowa kwake? Anawaikira desiki m'kachipinda kapambali, kuti azimva phunziro osasakanikirana ndi azungu. Kulaibulale tebulo lawolawo, kodyera tebulo lawolawo. Mu June 1950 khoti lalikulu linati zimenezo n'zosaloledwa, chifukwa munthu amaphunziranso pocheza ndi kukambirana ndi anzake.

Tifike ku New Orleans, 14 November 1960. Kamtsikana ka zaka 6, Ruby Bridges, kanalowa sukulu ya azungu ya William Frantz kakuperekezedwa ndi apolisi a boma anayi. Makolo achizungu anachotsa ana awo. Ochepa amene anatsala ankawaphunzitsira chipinda china. Ruby anakhala yekha mkalasi pafupifupi chaka chonse ndi mphunzitsi wake, mayi Barbara Henry. Papepala sukuluyo inali yosakaniza. Mkalasimo munali mwana mmodzi basi. Woweruza amene analamula kuti sukulu za mumzindawu zisakanize ana anali J. Skelly Wright. Dzinalo lisungeni.

Ku Washington, likulu la dzikolo, anachita mochenjera kwambiri. Kuyambira 1956, mkulu wina wa zamaphunziro, Carl Hansen, anabweretsa zogawa ana m'magulu anayi malinga ndi mayeso oyeza nzeru. Gulu lapamwamba ankalikonzekeretsa za kukoleji, lapansi ankalipatsa maphunziro ochepa oti akangopeza ntchito yamanja. Palibe analemba pachitseko kuti akuda kuno, azungu uko. Koma ukasuzumira m'magulu apansi, modzaza ana akuda ndi ana a anthu osauka. Ndipo mwana akangoikidwa pansi, kukwera kunali kovuta zedi, chifukwa zimene anzake apamwamba ankaphunzira iye samaziona n'komwe.

Bambo Julius Hobson, kholo lachikuda, anakasuma. Mlanduwo unagwera kwa Skelly Wright yemwe uja, ndipo anaugamula mu 1967. Anapeza kuti mayesowo anawakonza poyesera ana achizungu a m'mabanja opeza bwino, ndiye chimene ankayeza kwenikweni si nzeru zobadwa nazo koma kumene mwana wakulira. Analamula kuti magulu aja athe, ndipo Hansen anatula pansi udindo.

Ndiye mwaona eti? Kuchokera 1948 mpaka 1967 nkhondo inali imodzimodzi, mpanda wokha ndi umene unkasintha maonekedwe. Poyamba khoma, kenako kalasi yopanda anthu, mapeto ake pepala la mayeso. Lachitatuli ndiye loopsa, chifukwa mwana amakula akukhulupirira kuti vuto ndi mutu wake, ndipo kholo limangoti ndi mmene anabadwira.

Mukamva kuti sukulu yakutiyakuti ndi ya aliyense, musangoyang'ana amene akulowa pageti. Funsani kuti akakhala chipinda chiti, ndi ndani, ndipo anamusankhira ndani.

Tumizirani ena nawonso adziwe.