Njanji imene sinafike ku Fingoé



Sabata yatha m'kalasi langa lachitatu tinafika pa phunziro la zoyendera. M'bukumo muli zithunzi za njinga, galimoto, bwato, ndege ndi chija Apwitikizi amati comboio. Ndinkaloza chimodzichimodzi, ana n'kumatchula dzina lake m'Chinyanja. Zinazo ankalimbirana kuyankha, koma titafika pa comboio kalasi lonse linangoti zii. Kenaka kamtsikana kena ka kumbuyo kanakweza dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndi nyumba zogwirana m'chiuno." Anzake anafa nazo kuseka. Ine sindinaseke, chifukwa nditafunsa ndinapeza kuti mwa ana onsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene anachionapo ndi maso. Ndege amaiona ikudutsa m'mwamba, bwato ena amalidziwa ku nyanja ya Cahora Bassa, koma kuno ku Marávia njanji kulibe ndipo sikunakhalepo.

Dzina lake lilipo. Anzathu a ku Malawi amati sitima ya pamtunda, pofuna kuisiyanitsa ndi ya pamadzi, pakuti zapamadzizo ndi zimene zinayamba kuoneka pa Zambezi ndi pa Shire. Agogo anga aamuna ankangoti njanji, kutanthauza zitsulo zogona pansizo komanso chinthu choyenda pamwamba pake. Koma kupatsa mwana dzina lokha popanda nkhani yake kuli ngati kumupatsa mbale yopanda nsima. Tsono nkhani yake nayi, kwa amene mungafune kuigwiritsa ntchito m'kalasi kapena pakhonde madzulo.

Mukaona mapu a dziko lathu, njanji zikuluzikulu zimachoka mkati kutsikira ku nyanja yamchere. Palibe imene imamanga kumpoto ndi kumwera. Sizinachitike mwangozi. Atsamunda ankayala njanji kumene kunali katundu wofunika kufika pa doko. Mlatho wa Dona Ana, umene umadumpha Zambezi pakati pa Sena ndi Mutarara, ndi wautali makilomita oposa 3.6, ndipo unatha mu 1935. Anaumanga kuti tiyi, fodya ndi thonje za ku Nyasaland zizifika ku Beira osadikira zombo zowolotsa. Mkati mwa chigawo chathu cha Tete munadikira mpaka 1949, pamene njanji yochokera ku Mutarara inafika ku Moatize. Inafika pamenepo n'kuima, chifukwa chimene inkalondola ndi malasha. Ngakhale mzinda wa Tete weniweniwo, kutsidya kwa mtsinje, sinaulowe. Nanga Fingoé ikanaifika bwanji?

Komabe njanji yomweyo inatikhudza. Pomanga damu la Cahora Bassa, kuyambira 1969 mpaka 1974, simenti ndi zitsulo zambiri zinkachokera ku Beira pa sitima mpaka ku Moatize, n'kupitirira pa malole kukwera ku Songo. N'chifukwa chake asilikali a Frelimo ankatchera mabomba pa njanjiyo. Madzi amene anamiza minda ya m'mbali mwa Zambezi, kumwera kwa boma lathu lino, tinganene kuti anabwera pa sitima, ngakhale eni mindawo sanaimve n'komwe kulira.

Ine ndinakwera sitima koyamba ndili wamkulu kale, mu 2019. Ndinkapita kukaona msuweni wanga ku Lichinga, m'chigawo cha Niassa. Njira yachidule yochokera kuno imadutsa m'Malawi: Tete, Zóbuè, Mwanza, n'kukatulukira ku Mandimba. Pa Mandimba munthu wanzeru amakwera chapa yolowera kumpoto n'kukagona ku Lichinga tsiku lomwelo. Ine ndinalowera kwina, ku Cuamba, dala, kuti ndikapeze sitima. Msuweni wanga mpaka lero amati aphunzitsi ndife anthu osokonekera mitu.

Kuchoka ku Cuamba kufika ku Lichinga njanji ndi ya makilomita 262. Tinanyamuka kusanache. Kukuwala, mapiri amiyala a ku Cuamba anali atatsala kumbuyo, ndipo tinali m'tchire la mitengo ya tsamba ngati lathuli, kungoti lija silitha. Umayenda nthawi yaitali osaona denga, kenaka sitima n'kuima pamalo pamene ukuganiza kuti palibe munthu. Posakhalitsa anthu ali mbwee m'mbali mwa mawindo, malichero pamutu: nthochi, chinangwa chowotcha, mazira owiritsa, nyemba, nkhuku zamoyo zomanga miyendo. Malonda onse amachitikira pawindo, ndipo kawirikawiri chenje imaponyedwa sitima itayamba kale kuguguza. Kwa midzi imeneyo, tsiku la sitima ndilo tsiku la msika. Pa Mitande m'ngolo munkamvekabe Chimakua kwambiri. Titadutsa Catur, Chiyao chinachuluka, mphepo inayamba kuzizira, amayi n'kufunda makapulana achiwiri, pakuti Lichinga ili pamwamba mamita oposa 1,300.

Moyang'anana nane munakhala mayi wina wachikulire. Atamva ndikulankhula pa foni anandifunsa m'Chinyanja kuti, "Mwana wanga, kwanu n'kuti?" Iwo anali a ku Metangula, m'mbali mwa nyanja. Chinyanja chawo chinali chopendekera kwina, changa kwinanso, koma tinamvana osabwereka liwu la Chipwitikizi kupatula comboio yemweyo. Nditawauza kuti n'koyamba kukwera, anaseka n'kunena kuti, "Ndiye mwakwera itachira."

Njanji ya kumpotoyi inachokera ku gombe la Nampula, n'kufika ku Cuamba mu 1950, tawuni imene pambuyo pake inkadziwika ndi dzina la atsamunda lakuti Nova Freixo. Ku Lichinga, kumene kunkatchedwa Vila Cabral, inafika mu 1969, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati m'Niassa. Chaka chotsatira, 1970, nthambi ina inalumikiza Cuamba ndi Malawi kudzera pa Entre Lagos ndi Nayuchi. Choncho njanji ya ku Lichinga inabadwira m'nkhondo, ndipo isanakule n'komwe inalowa m'nkhondo ina, ya zaka 16 ija.

Za nkhondo yachiwiriyo ndi zimene mayi aja anandisimbira, ndipo apa ndinasiya kuyang'ana pawindo. Anati masiku amenewo sitima inkayenda ndi asilikali, ndipo inkayenda ngati munthu wodwala. Ikafika pamene njanji yazulidwa, onse ankatsika, amuna kunyamula zitsulo ndi kudula mitengo yoyala pansi, akazi kukatunga madzi ndi kuphika. Akamaliza, sitima inkasuntha pang'ono n'kukapeza pena pozulidwanso. Ulendo wa tsiku limodzi unkatha masabata. Anthu ankabereka m'ngolo, ena ankaikidwa m'mbali mwa njanji. Ndinawafunsa kuti, "Nanga amayi, munkakwereranji?" Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Mchere," anatero. Kumtunda kunalibe mchere, kunalibe sopo, kunalibe shuga. Amene akufuna kuona moyo umenewo afunefune filimu ya Licínio Azevedo ya mu 2016, Comboio de Sal e Açúcar, yonena za anthu okwera sitima ya Nampula kupita ku Cuamba atanyamula mchere wokasinthitsa ndi shuga wa ku Malawi. Si ya ana aang'ono, koma ife akuluakulu tiyenera kuionera.

Kwathu ku Tete zinalinso chimodzimodzi kapena kuposa. Njanji ya Sena inafa m'zaka za m'ma 1980, mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa mu 1986, ndipo mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 utabwera, mitengo inali itamera pakati pa zitsulo. Inadzuka patatha zaka zoposa 20, ndipo chinaidzutsa ndi chomwe chija chinaibweretsa poyamba, malasha a ku Moatize. Malasha omwewo ndiwo anabala njanji yatsopano yochoka ku Moatize kudutsa m'Malawi mpaka ku Nacala, mtunda wa makilomita 912, imene inatsegulidwa mwalamulo mu 2017. Pa ntchito imeneyo m'pamene nthambi ya ku Lichinga inakonzedwanso, n'kutsegulidwa kumapeto kwa 2016, sitima ya anthu n'kuyambanso kuyenda. Mpando umene ndinakhalapo tsiku lija unalipiridwa ndi miyala yakuda ya m'chigawo changa. Sindikudandaula, ndinakhala bwino ndithu. Koma pa njanji za dziko lino munthu ndi mlendo, mwini nyumba ndi katundu.

Tinafika ku Lichinga dzuwa litapendeka. Mayi aja anandipatsa kathumba ka usipa wouma kuti ndikapatse amayi anga, n'kupita kukafuna chapa ya ku Metangula.

Lachisanu ndinawasimbira ana anga zina mwa izi, m'Chinyanja, ndipo pa bolodi ndinalemba mawu atatu: comboio, sitima, njanji. Kamtsikana kaja kanakwezanso dzanja. "Aphunzitsi, nanga kuno idzabwera liti?" Ndinakauza kuti njanji imalondola katundu wolemera. Kanaganiza pang'ono n'kufunsa ngati chimanga cha agogo ake chingakwane.