Chimene mtunda unaphunzitsa amakaniko a ku Lundazi

Kuchokera ku Lusaka kufika pa boma la Lundazi ndi makilomita pafupifupi 750: msewu wa Great East mpaka ku Chipata, kenako kukhotera kumpoto makilomita ena pafupifupi 180. Wofuna kumvetsa ntchito yokonza malole m'dera limeneli ayambire pa mtunda umenewu, chifukwa ndiwo unaumba kagwiridwe ka ntchitoyo. Makaniko wokhwima akamubweretsera lole ya dizilo imene ikudontha oilo pang'onopang'ono, sathamangira sipanala. Amayamba watsuka injini, n'kudikira. Mwini galimoto amene ali pachangu amayesa ndi chidodo, mwinanso njira yokwezera mtengo, koma chizolowezichi chinabadwa m'zaka zimene kumasula malo olakwika kunkachititsa kuti lole ikhale pa miyala mpaka mvula itagwa.

M'nthawi ya atsamunda Lundazi anali kutali ndi njanji iliyonse ya Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia. Pamene DC Errol Button ankamanga nyumba ya alendo yooneka ngati linga la mafumu a ku Ulaya, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, msewu wochokera ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, unali wafumbi. Zitsulo za galimoto zambiri zinkalowa m'dziko kudzera kumwera. Ian Smith atalengeza kuti Rhodesia yadziimira payokha pa 11 November 1965, njira imeneyo inayamba kufota. Zambia inasowa mafuta, petulo ankagawidwa ndi makuponi, ndipo malole ankatuta madiramu kuchokera ku Dar es Salaam pa msewu umene madalaivala anautcha Hell Run, mpaka paipi ya mafuta ya TAZAMA inayamba ntchito mu 1968. Mu January 1973 malire ndi Rhodesia anatsekedweratu. Katundu akachepa m'dziko, amene ali kumapeto kwa msewu ndiye amalandira zotsalira.

Koma zaka zomwezo ndi zimene malole anayamba kufunika kwambiri. Bungwe la boma logula mbewu la NAMBOARD, limene linakhazikitsidwa mu 1969, pamodzi ndi makopaletivu a Eastern Co-operative Union, ankayenera kufikitsa feteleza m'midzi mvula isanayambe ndi kutulutsamo chimanga ndi mtedza wa Chalimbana. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kampani ya boma ya Lintco inawonjezapo thonje. Mtengo wa mkuwa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zakunja zinasowa, ndipo matayala, mabatire ndi masipeya anasowera pomwepo. M'zaka za m'ma 1980 nkhani ya chimanga chovumbwa m'madepoti chifukwa chosowa malole inkamveka pafupifupi chaka ndi chaka. Pa nthawi yotere gasiketi yong'ambika chifukwa chomasula mwachisawawa sinali yoti n'kukagula pa shopu ya pafupi.

Njira imene amisiri anakhazikika nayo imatsata khalidwe la oilo. Oilo amayenda chotsika, ndipo mphepo ya fani ndi ya msewu imamukankhira kumbuyo, choncho pamene akudonthera pansi kawirikawiri si pamene akutulukira. Dontho lolendewera pakati pa injini ndi giyabokosi limaopsa mwini lole, chifukwa silo ya kumbuyo kwa crankshaft siisinthika popanda kutsitsa giyabokosi, kilatchi ndi flywheel. Komabe nthawi zambiri oiloyo wachokera pamwamba, pa gasiketi ya chivundikiro cha mavavu, n'kutsetsereka kuseri kwa injini. N'chifukwa chake makaniko amatsuka ndi palafini kapena dizilo, kuumitsa, kuwaza paudala kapena ufa pa malo okayikitsa, kuliza injini mpaka itenthe, kenako kufunafuna malo onyowa amene ali pamwamba ndi patsogolo kuposa ena onse. Fumbi la m'misewu ya kwa Mwase kapena kwa Magodi limathandizanso, pakuti limamatirira pamene pali oilo n'kuonetsa njira imene wadzera. Amayang'ana kaye zotsika mtengo: wasala wa pa bawuti yokhetsera oilo, labala wa fyuluta, mabawuti a sampu.

Fumbi lomwelo ndilo limayambitsa vuto lobisika, ndipo apa ndi pamene mmisiri amasiyana ndi wongosintha zitsulo. Likadutsa pa fyuluta ya mpweya yong'ambika limadya maring'i a pisitoni, utsi n'kumalowa mu sampu. Ngati kapaipi kopumira injini katsekeka ndi matope a oilo, mpweya wopanikizikawo umatulukira pa silo iliyonse yofooka. Woika silo yatsopano osatsegula kapaipiko adzaonanso dontho pakangopita masabata ochepa, atawononga chitsulo chimene chayenda ulendo wautali kuti chimufike.

Ena anganene kuti kulemba chonchi n'kukometsera umphawi. Pali zoona m'mawu amenewa. Kusowa kunabweretsanso zizolowezi zowononga: kumanga mabawuti a sampu mopitirira mpaka mlomo wake kupindika, kuthira oilo wolemera kuti dontho lichepe, ndiponso masiku ano kupaka silikoni wochuluka amene amadukira mkati n'kukatseka sefa ya pampu ya oilo. Injini zambiri zinafa ndi mankhwala otere. Koma si zonse zimene zinachokera m'kusowa zili zofanana. Gasiketi yodulidwa pa pepala lolimba, poligogoda ndi hamala yaing'ono m'mphepete mwa chitsulo, imagwira bwino pa malo opanda kutentha kwambiri, ndipo amakaniko a kwina kulikonse padziko ankachita chimodzimodzi. Kutsuka ndi kuwaza ufa nakonso si njira ya anthu osauka okha. Magalaji a m'mizinda ikuluikulu amathira utoto wowala mu oilo n'kuunika ndi nyali yapadera, koma nzeru yake ndi yomweyo. Chimene mtunda unachita ndi kukweza mtengo wa kulakwitsa, moti woganiza asanamasule ndiye ankakhalabe ndi makasitomala.

Funso lolemera kwambiri ndi lakuti, ngati lusoli lilipo, n'chifukwa chiyani malole ambiri a m'derali amadonthabe? Yankho lili m'zimene zinachitika NAMBOARD itathetsedwa mu 1989 ndi boma la Frederick Chiluba litamasula malonda kuyambira mu 1991. Lintco inagulitsidwa mu 1994, ndipo ntchito yotuta mbewu inagwera anthu wamba okhala ndi lole imodzi kapena ziwiri, makamaka Canter ndi Fuso zogwirapo kale ntchito ku Japan. Munthu wotere amapeza ndalama zambiri za chaka m'miyezi yogula mbewu, kuyambira cha mu May mpaka mvula isanagwe, potutira ogula thonje ndi soya kapena a Food Reserve Agency. Kuimitsa lole masiku angapo pakati pa nyengo imeneyi chifukwa cha silo ya kumbuyo kumaluzitsa ndalama zoposa mtengo wa oilo wowonjezera. Choncho chimene amafuna kwa makaniko nthawi zambiri ndi chigamulo: dontho ili lingadikire, kapena ayi? Silo ya kumbuyo imene ikungonyowa ikhoza kudikira mpaka November, bola dalaivala aziyeza oilo m'mawa uliwonse ndipo kilatchi isayambe kutsetsereka. Paipi yopereka oilo ku turbo ikayamba kuchucha siidikira ngakhale ulendo umodzi wa ku Chama, chifukwa oilo wake ndi wopanikizika ndipo amagwera pafupi ndi ekizozi yotentha. Ikaphulika, sampu imatha m'mphindi zochepa, kapena lole imayaka ndi thonje lake lomwe.