Masikuluwu osamasuka wamba: kusankha mabiti oyenera pa zipangizo za ulimi

Pampu ya sola ikasiya kukoka madzi mu Okutobala, chimanga cha kudimba chili pomasula ngayaye, palibe amene amafuna kudikira. Nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono: waya wakhwefuka, fyuzi yapsa, kapena nyerere zamanga m'kabokosi. Koma mukafuna kutsegula mumapeza kuti sikuludilaiva yanu sikulowa. Mutu wa sikuluwu uli ngati nyenyezi, ndipo pakati pake pali kachitsulo koima. Apa ambiri amatenga mpeni, msomali kapena hamala. Mutu uja umaperepeseka, chivundikiro chimasweka, ndipo ntchito ya mphindi khumi imasanduka ulendo wa kutauni pamene mbewu zikufota.

Tsamba lino likuthandizani kuzindikira mitu ya masikuluwu oterewa, kugula zomasulira zoyenera, ndi kudziwa pamene simuyenera kutsegula nkomwe.

Kodi biti n'chiyani?

Biti ndi kachitsulo kakafupi komwe nsonga yake imalowa m'mutu wa sikuluwu. Kumbuyo kwake kuli mbali 6, ndipo kumalowa m'chogwirira chimodzi chomwe chimalandira mabiti onse. Choncho m'malo mogula masikuludilaiva 30, mumagula chogwirira chimodzi ndi kabokosi ka mabiti.

Mabiti ambiri kumbuyo kwake ndi mamilimita 6.35, ndipo pabokosi amalemba 1/4". Kutalika kwake nthawi zambiri ndi mamilimita 25. Palinso timabiti ting'onoting'ono ta mamilimita 4 kumbuyo, totsegulira mafoni, mawailesi ndi matochi. Mitundu iwiriyi sigwiritsa ntchito chogwirira chimodzi pokhapokha pakhale cholumikizira.

Chifukwa chake opanga amaika masikuluwu achilendo

Pali zifukwa zitatu. Choyamba, mitu ina imagwira bwino kuposa ya mtanda, kotero imamangika zolimba osaterereka. Chachiwiri, ena amaikidwa kuti achedwetse akuba, makamaka pa mapanelo a sola, pazitseko ndi pamabokosi a mabatire. Chachitatu, ena amaikidwa pofuna kuti munthu wosaphunzira ntchitoyo asafike pamalo oopsa. Musanamasule, dzifunseni kuti sikuluwu imene ili patsogolo panu ili m'gulu liti.

Mitu imene mungakumane nayo

1. Wa mtanda, Phillips. Umalembedwa PH. Masaizi ofala ndi PH1, PH2 ndi PH3, ndipo PH2 ndiye amagwira ntchito kwambiri.

2. Wa mtanda wokhala ndi timizere, Pozidriv. Umalembedwa PZ. Umafanana ndi Phillips, koma pakati pa mikono ya mtandawo pali timizere tina tinayi topyapyala. Biti ya PH imalowamo ndithu, koma imaterereka mukaikapo mphamvu. Masikuluwu ambiri amawonongeka chifukwa chosokoneza mitundu iwiriyi.

3. Wa nyenyezi ya nsonga 6, Torx. Unayambitsidwa ku America m'chaka cha 1967 ndi kampani ya Camcar Textron. Umalembedwa T ndi nambala: T10, T15, T20, T25, T27, T30, T40. Nambala ikamakwera, nyenyezi imakula: T20 ndi pafupifupi mamilimita 3.9 kuchoka pansonga ina kufika pansonga yoyang'anizana nayo, pamene T30 ndi pafupifupi mamilimita 5.5. Makina ambiri ochekera mitengo ndi otchetchera udzu a Stihl amagwiritsa ntchito T27.

4. Wa nyenyezi wokhala ndi kachitsulo pakati. Uyu ndiye amavutitsa alimi ambiri. Kachitsuloko kamaletsa biti wamba kulowa, choncho mufunika biti yobowoka kunsonga. Pabokosi amalemba TR, kapena amaika H kumapeto kwa nambala, monga T25H. Biti yobowoka imamasulanso nyenyezi wamba, koma siyolimba ngati yosabowoka.

5. Wa dzenje la mbali 6, womwe ambiri timaudziwa ndi dzina la Allen key. Umayezedwa m'mamilimita: 3, 4, 5, 6. Mabawuti a M6 a mutu wautali woterewu amafuna 5, ndipo a M8, omwe amapezeka kawirikawiri pazopanira mapanelo a sola, amafuna 6. Nawonso ulipo wokhala ndi kachitsulo pakati. Chenjerani: katundu wina wochokera ku America amayezedwa m'mainchesi. Biti ya 3/16", yomwe ndi mamilimita 4.76, imalowa m'dzenje la mamilimita 5 koma imaliwononga.

6. Wa timabowo tiwiri, tooneka ngati maso a njoka. Biti yake ili ndi timano tiwiri ngati foloko, ndipo timathyoka msanga mukakakamiza.

7. Wa mapiko atatu, Tri-wing. Umapezeka pa zipangizo zina zamagetsi ndi matchaja.

8. Wa dzenje la mbali zinayi, Robertson. Unachokera ku Canada ndipo kuno supezeka kawirikawiri.

9. Womanga wokha wosamasuka. Mpata wake ndi wopendekeka mwakuti sikuludilaiva yafulati imamanga, koma mukabweza imangotsetsereka. Palinso manati omwe mutu wake umadukiratu mukamanga mokwanira, n'kutsala kachitsulo kosalala kopanda pogwira sipanala. Mitundu iwiriyi ilibe biti yomasulira m'bokosi wamba. Pochotsa mumachita kudula kapena kuboola.

Pogula bokosi la mabiti

Musagule potengera kuchuluka kwa zidutswa. Bokosi la zidutswa 100 likhoza kusowa biti imodzi yomwe pampu yanu ikufuna. Chitani izi:

- Yendani pazipangizo zonse za kalabu kapena za sikimu: pampu, kabokosi koyendetsera pampu, chimango cha mapanelo, sipuleya ya batire, injini yopopera madzi, makina otonolera chimanga. Lembani mtundu wa mutu uliwonse.
- Tsukani mutuwo ndipo muwerenge nsonga za nyenyezi. Zilipo za nsonga 5, ndipo biti ya nsonga 6 singalowemo.
- Jambulani mutuwo pafoni mutaika rula pambali pake. Ngati muli ndi sikuluwu imodzi yomasuka kale, pitani nayo kuhadiweya mukayeserere komweko.
- Onani ngati sikuluwu ili mkati mwa dzenje lakuya. Chogwirira cha mabiti n'chonenepa ndipo sichilowa m'dzenje lopapatiza. Zikatero mufunika biti yaitali, ya mamilimita 50, 75 kapena 100.
- Werengani chitsulo chomwe apangira. Chizindikiro cha S2 kapena Cr-V chimasonyeza chitsulo cholimba chopangira zida. Biti yopanda nambala kapena chizindikiro chilichonse ndi yokayikitsa.
- Yang'anani kabowo ka mabiti obowoka. Kakhale pakatikati. Kakapendekera mbali imodzi, bitiyo sikhala bwino pakachitsulo ndipo imang'aluka.

Kabokosi ka zidutswa pafupifupi 30 kokhala ndi nyenyezi zobowoka kuyambira T8 mpaka T40, mabiti a mbali 6 obowoka, a timano tiwiri ndi a mapiko atatu, kamakwanira pa ntchito zambiri za pasikimu. Onjezerani mabiti awiri kapena atatu a PH2 ndi PZ2, chifukwa awa ndiwo amatha msanga. Onjezeraninso masipanala a 10, 13 ndi 17, ndi biti ya chibowo ya mamilimita 8 yomangira masikuluwu a malata.

Musanakhudze sikuluwu: dzitetezeni

Panelo ya sola imatulutsa magetsi nthawi iliyonse kuwala kukaigwera, ngakhale kunja kuli mitambo. Mapanelo angapo olumikizidwa mondondozana amatulutsa mphamvu yokwanira kupha munthu. Zimitsani swichi ya pakati pa mapanelo ndi kabokosi koyendetsera pampu, phimbani mapanelo ndi chinthu chosalowa kuwala, ndipo dikirani mphindi zimene buku la pampu lanena, chifukwa kabokosiko kamasunga magetsi kwa kanthawi ngakhale mutazimitsa.

Mabiti wamba satchinjiriza magetsi. Zida zogwirira ntchito pamagetsi zimakhala zokutidwa ndi pulasitiki mpaka kunsonga, ndipo zimalembedwa 1000 V. Kukulunga tepi pachogwirira sikulowa m'malo mwa zida zimenezi.

Pa injini ya petulo, chotsani waya wa pulagi. Pa sipuleya, khuthulani mankhwala, tsukani katatu, chotsani mpweya wotsalira m'paipi, ndipo valani magolovesi.

Kamasulidwe kake

1. Chotsani dothi ndi dzimbiri m'mutu wa sikuluwu ndi singano kapena kawaya. Dzenje lodzaza matope limachititsa biti kugwira pamwamba pokha.
2. Yesani mabiti muli nawo m'manja, musanawaike m'chogwirira. Yoyenera ndi yaikulu kwambiri imene ikulowa mpaka pansi. Ikamagwedera, yesani yotsatira. T25 imalowa m'mutu wa T27 koma imauwononga.
3. Imikani chogwirira mowongoka, osapendeketsa.
4. Kanikizani mwamphamvu kwinaku mukuzunguliza pang'onopang'ono kumanzere.
5. Ikaterereka kamodzi, imani. Kubwereza katatu kapena kanayi ndi kumene kumamaliza mutu.
6. Ikani masikuluwu m'kambale motsatana ndi mmene mwawachotsera. Yaitali ikalowa pamalo a yaifupi imatha kuboola waya kapena zamkati.

Kumbukirani kuti ena amamasukira kumanja. Pedulo ya kumanzere ya njinga ndi chitsanzo chimene tonse timachidziwa. Nati yomanga mpeni wa makina ambiri otchetchera udzu ilinso chimodzimodzi.

Pomanga, yambani ndi zala kuti mazinga agwirane bwino. Pa pulasitiki, imani sikuluwu ikangokhala. Pachivundikiro chokhala ndi labala wotchinga madzi, mangani pang'onopang'ono modumphitsa ngodya kuti labalayo akhale mofanana. Pa mapanelo musapyoze muyezo wa m'buku, chifukwa galasi limang'aluka. Makina omangira a batire asiyeni pa ntchito zoterezi. Dzanja limamva sikuluwu ikakwana.

Sikuluwu ikakana kapena mutu ukaperepeseka

Dontheserani mafuta omasulira dzimbiri monga WD-40, kapena oilo wa injini ngati mulibe, ndipo dikirani ola limodzi kapena usiku wonse. Ngati sikuluwu ili pachitsulo cholimba, ikani biti ndi kuigogoda pang'ono ndi hamala kuti dzimbiri lisweke. Musagogode pa pulasitiki kapena pafupi ndi galasi la panelo. Mutu ukakhala kunja, ugwireni ndi pulayala yopana, kapena chekanipo mpata ndi sowo ya zitsulo kuti sikuludilaiva yafulati ilowe. Zonsezi zikakanika, pitani kwa makaniko amene ali ndi choboolera. Sikuluwu yowonongeka musaibwezerepo. Gulani ina yofanana kutalika, kunenepa ndi mazinga. Pamalo a chinyezi gulani yosachita dzimbiri, yomwe nthawi zambiri imalembedwa A2 pamutu.

Zimene simuyenera kutsegula

Kukhala ndi biti yolowa si chilolezo chotsegulira chilichonse.

- Mita ya ESCOM kapena ya madzi. Kudula chidindo chake ndi mlandu.
- Sikelo ya malonda yomwe a Malawi Bureau of Standards anaiyeza n'kuikapo chidindo. Mukachidula, sikeloyo iyenera kuyezedwanso isanagwire ntchito pamsika.
- Sola kapena pampu yolipira pang'onopang'ono, ndi chipangizo chilichonse chomwe nthawi yokonzeredwa ulere ndi ogulitsa sinathe. Mukatsegula, ogulitsa akhoza kukana kukonza. Imbani foni kaye.
- Batire ya lithium. Ikabooledwa kapena mawaya ake akakhudzana imayaka moto wovuta kuzimitsa.
- Mota ya pampu yomira m'madzi. Ikatsegulidwa kumunda sitsekekanso bwino, ndipo madzi amalowa.

Kuteteza mapanelo kwa akuba

Mabiti amenewa amagulitsidwa poyera, ndipo wakuba naye akhoza kugula. Choncho sikuluwu yachitetezo simletsa kuba, imangomchedwetsa. Komabe kuchedwako n'kofunika, chifukwa wakuba safuna kukhalitsa pamalo. Sakanizani mitundu iwiri pa panelo imodzi kuti biti imodzi isamasule zonse. Pangodya zina ikani manati oduka mutu, mutatsimikiza kaye kuti panelo yakhala pamalo ake ndipo ikugwira ntchito. Musaboole kapena kuwotcherera chimango cha panelo yeniyeniyo. Funsani amene anakuikirani. Lembani m'buku la kalabu nambala imene ili kumbuyo kwa panelo iliyonse, kuti apolisi akapeza katundu mukhale ndi umboni. Mpanda ndi ulonda wosinthana zikhalepobe.

Kwa alimi otsogolera ndi makomiti a masikimu

Si mlimi aliyense ayenera kugula bokosi lake. Limodzi likwanira kalabu yonse ngati likusungidwa bwino.

- Sankhani munthu mmodzi wosunga, ndi wina wachiwiri wodziwa pamene lili.
- Wobwereka alembedwe m'buku, ndipo mabiti awerengedwe potenga ndi pobweza.
- Musasunge bokosilo m'kanyumba ka pampu. Kutero n'kumusiyira wakuba kiyi pakhomo.
- Pukutani mabiti ndi kansalu ka oilo pang'ono, ndipo muwasunge pouma, kutali ndi feteleza, chifukwa feteleza amadyetsa chitsulo dzimbiri.
- Biti yopindika kapena yotha nsonga itayeni, chifukwa imawononga masikuluwu abwino.
- Pamene okuikirani pampu kapena sola akumaliza ntchito, afunseni akuuzeni dzina ndi saizi ya sikuluwu iliyonse, ndi malo amene mwaloledwa kutsegula nokha. Ngati aika masikuluwu achitetezo, akusiyireni biti yake.

Nthawi yabwino yochitira zonsezi ndi mu Epulo kapena Meyi, ulimi wamthirira usanafike pachimake. Yesani biti iliyonse pa sikuluwu yake pampu idakali bwino, lembani saizi yake m'buku, ndipo pakani girizi pang'ono pamazinga a mabawuti okhala panja. Ngati pali mutu umene simukuuzindikira, ujambuleni n'kuonetsa mlangizi wa m'dera lanu musanauyese ndi chitsulo chilichonse.