Amtengatenga a Nkhondo ya Chiwaya anagona kuti?

Chaka chilichonse mu Novembala asilikali amaguba, malipenga amalira, ndipo akuluakulu amaika nkhata za maluwa pa zipilala za ku Zomba ndi ku Lilongwe. Olankhula pamwambowu amakonda kunena kuti dziko lino silinaiwale aliyense amene anafera kunkhondo. Mawuwo ndi okoma, koma ziliza za m'manda akale zikutsutsa.

Makolo athu sankalemba mayina pamanda. Manda ankadziwika ndi msitu wake umene munthu sankayerekeza kudulamo mtengo, ndipo nyakwawa ndi adzukulu ndiwo ankasunga pamtima kuti uje anagona pati. Ziliza zolembedwa zinabwera ndi amishoni. Bishopu Charles Mackenzie, amene anamwalira mu Januwale 1862, anaikidwa pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo ku Cape Maclear, kumene amishoni a Livingstonia anafika mu 1875, manda a anzawo amene anafera komweko alipobe ndi mayina awo. Kuyambira pamenepo, wolembedwa pamwala ndiye ankakumbukika m'mabuku.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene agogo athu ankaitcha ya Chiwaya, inafika kuno msanga. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya la nyanja, ndipo pa 9 Seputembala zida zinalira ku Karonga. Akatswiri a mbiri amawerengera kuti Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000, komanso amuna pafupifupi 200,000 a mtengatenga, amene ankasenza chakudya ndi zipolopolo kulowa nazo m'dziko limene lero ndi Tanzania mpaka ku Mozambique. Ambiri anachita kugwidwa m'midzi. Chipolopolo sichinawaphe kwambiri ngati mmene zinawaphera njala, kamwazi, malungo ndi chimfine choopsa cha mu 1918. Wofooka ankatsala m'njira, ulendo n'kumapitirira.

John Chilembwe anali ataliona tsokali pamene analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, kudandaula kuti Aafirika akufera nkhondo ya eni ake. Iye anaphedwa mu Febuluwale 1915, ndipo naye manda ake sanaikidwe chizindikiro.

Nkhondo kuno inatha pa 25 Novembala 1918, gulu la Ajeremani lotsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck litatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala ku Zambia. Apa mpamene panapotoka zinthu. Mfundo imene anagwirizana ku Ulaya inali yoti wakufa aliyense alembedwe dzina, kaya anali wamkulu kaya wamng'ono. Ku Karonga azungu anapatsidwa miyala yawo, Angerezi ndi Ajeremani omwe. Asilikali a King's African Rifles anawamangira nsanja ya ku Zomba. Koma wamtengatenga, amene msana wake unadyetsa gulu lonselo, anangosowa. Ku Dar es Salaam, Nairobi ndi Mombasa anaimika zifanizo za Aafirika zopanda mndandanda wa akufawo.

Chifukwa chake chinaonekera poyera mu Epulo 2021, pamene kafukufuku wina ku Britain anafukula makalata akale. Anapeza kuti akufa 45,000 mpaka 54,000, makamaka Aafirika ndi Amwenye, anakumbukiridwa mosafanana ndi azungu. Ena osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, sanalembedwe mayina kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndipo ochuluka mwa iwo anali ochokera kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt. Makalatawo anasonyeza kuti sikunali kuiwala chabe. Atsamunda ena a m'zaka za m'ma 1920 ankati Mwafirika sangamvetse tanthauzo la mwala wa pamanda, choncho kumuikira n'kutaya ndalama. Ankanena zimenezi za anthu amene sagona pamaliro, amene amasesa ndi kumeta, n'kumatchula mayina a makolo awo pansembe. Kupepesa kunamveka m'nyumba ya malamulo ya ku London, ndipo mu Januwale 2025 ku Cape Town anatsegula chikumbutso cha nsanamira zamatabwa chokhala ndi mayina a anthu akuda oposa 1,700 a ku South Africa amene anafa akugwira ntchito zonga za amtengatenga.

Tsankho la atsamunda ndilo linayamba kulakwa, koma nafenso talekerera. Kuyambira 1964 tamanga ziliza zokongola za atsogoleri, pamene mayina a amtengatenga tawasiya kuti azifa pamodzi ndi nkhalamba zimene zinkawadziwa. Mafumu, mipingo ndi mabanja amene anamva kuti agogo awo anapita ku Chiwaya osabwerako alembe mayinawo tsopano, mudzi ndi mudzi, kuti tsiku lomanga chipilala chawo likadzafika padzapezeke cholembapo.