Mbiri ya Dependency Injection ndi Zolakwika Zake

Dependency injection ndi kamangidwe ka pulogalamu ya pakompyuta kamene chigawo chilichonse sichidzipangira chokha zinthu zimene chimadalira, monga njira yofikira ku nkhokwe ya deta kapena chotumizira imelo, koma chimangotchula zosowa zake, ndipo mbali ina ya pulogalamuyo, yotchedwa container, ndi imene imazikonza n'kuchipatsa. Muzu wa ganizoli umapezeka m'nkhani imene Ralph Johnson ndi Brian Foote analemba mu 1988 yofotokoza inversion of control, kutanthauza kuti ulamuliro umachoka m'manja mwa chigawo n'kupita ku chimango chachikulu chimene chikuchiyendetsa. Dzina lenileni lakuti dependency injection linafala kuyambira mu Januwale 2004, pamene Martin Fowler analemba za ma container opepuka a chinenero cha Java, monga PicoContainer ndi Spring.

Spring inaphuka kuchokera m'buku la Rod Johnson la mu 2002, lomwe linadzudzula kulemera kwa kamangidwe ka mapulogalamu a makampani pa nthawiyo, ndipo mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu Malichi 2004. M'masiku amenewo mlembi wa pulogalamu ankandandalika zigawo zonse, zotchedwa ma bean, m'fayilo ya XML, n'kusonyeza kuti ichi chimadalira chiti. Vuto linabadwira pomwepa, chifukwa compiler, imene imasanthula khodi pulogalamu isanayambe kugwira ntchito, sinkawerenga fayiloyo, moti chilembo chimodzi chosokonekera m'dzina la kalasi, yomwe ndi khodi ya chigawo, chinkabisala mpaka pa nthawi yodzutsa seva. Zikatero webusaiti inkakana kudzuka, ndipo pa sikirini pankatsika mizere yambirimbiri ya stack trace, yomwe ndi ndondomeko ya malo amene pulogalamu inadutsa pofika pamene yagwera. Pamwamba pankaoneka uthenga wongonena kuti bean yakutiyakuti yalephera kupangidwa, koma gwero lenileni linkakhala pansi penipeni, pa mzere womaliza woyamba ndi mawu akuti Caused by, ndipo n'chifukwa chake amisiri anazolowera kuwerenga uthengawo kuchokera pansi kupita m'mwamba.

Mu 2007 Spring 2.5 inabweretsa chizindikiro cha @Autowired chosonyeza zosowa za chigawo, cholembedwa m'khodi momwemo, chaka chomwechonso Google inatulutsa container ya Bob Lee yotchedwa Guice, ndipo mu 2009 muyezo wa JSR-330 unakhazikitsa @Inject kuti onse aziyendera chimodzi. XML inachepa, koma zolakwika sizinathe, zinangobisala mozama. Container inayamba kudzifufuzira yokha zigawo m'mafoda amene yauzidwa, choncho kalasi yolembedwa bwinobwino koma yoikidwa kunja kwa mafodawo inkabala uthenga wa NoSuchBeanDefinitionException, ngakhale mwini wake akuiona ndi maso. Chozunguza mutu koposa chinali kudalirana kozungulira, pamene chigawo choyamba chikudikira chachiwiri ndipo chachiwiricho chikudikira choyamba, moti nthawi zina palibe chimene chingapangidwe poyamba.

Zaka zotsatira zinathera pa ntchito yofunika kwambiri, yobwezera cholakwika pamalo pamene munthu angachione msanga ndi kuchimva. Dagger 2, imene Google inatulutsa mu 2015, imalumikiza zigawo pa nthawi ya compiler, kotero chosowa chimagwidwa pulogalamu isanayende n'komwe. Spring Boot, chida chomangidwa pamwamba pa Spring, mu mtundu wake wa 1.4 wa mu 2016 inayamba kusindikiza mawu ochepa ofotokoza chimene chalakwika ndi chimene mlembi angachite, m'malo momuunjikira mizere yonse. Kenaka mu Novembala 2021, Spring Boot 2.6 inaletsa kudalirana kozungulira pokhapokha mlembi atakulola mwadala, ndipo mapulogalamu amene anayenda zaka ndi chilema chimenechi anayamba kukana kudzuka atangosamutsidwira ku mtundu watsopanowo. Eni ake anatsala ndi njira ziwiri: kuyatsa lamulo la spring.main.allow-circular-references kuti zinthu zipitirire monga kale, kapena kuphwasula zigawo zodaliranazo n'kupatula ntchito imene zonse ziwiri zimafuna kuti ikhale m'chigawo chachitatu.